Zonanda za m'matumbo a mbuzi: kuyankha mayi wa ku Bembeke

Sabata yatha kunabwera imelo yomwe ndaiwerenga mwina kasanu. Mayi wina wokulira ku Blantyre koma wokwatiwa ku Bembeke akuti kwa apongozi kunaphedwa mbuzi, iye nkupatsidwa zam'mimba kuti akatsuke. Atang'amba matumbo anapeza zoterera zonanda ngati thelere, mantha nkumugwira kuti mbuziyo imadwala, anatsuka ndi sopo wochapira zovala, zina nkukataya kudzala. Apongozi sananene kanthu koma alamu ake akumuseka mpaka lero. Ndiye wawerenga penapake kuti zonandazo ndi shuga, pomwe bambo akunyumba kwake ali ndi matenda a shuga. Akufunsa ngati mbuziyo inali yabwinobwino, komanso ngati bambowo asiye nthumbwana.

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndapuma kaye chifukwa mwandikhudza pachilonda. Sopo? Pa matumbo? Komanso kudzala? Aaa.

Ine bambo anga anali opha mbuzi pa Lizulu. Amene mumadutsa pa M1 mumangodziwa Lizulu wa mbatatesi, kabichi ndi tomato, mumatsitsa galasi la galimoto, kugula, basi mwapita. Kuseri kwa mabenchi kuja kuli anthu amene tsiku la msika limawachera 3 koloko usiku. Bambo amapha, achimwene amasenda, ine pokhala wamng'ono ntchito yanga inali ya beseni. Kuyambira ndili Sitandade 3 mpaka ndikulemba mayeso a Sitandade 8, zam'mimba za mbuzi iliyonse yomwe bambo anapha zinadutsa m'manja anga awa. Ndipo mudziwe kuti June wa ku Lizulu si wamasewera, madzi amaluma ngati muli singano, zala zimafika poti sukuzimvanso, koma thumbo la mbuzi ndi lalitali mamita oposa 20 ndipo lonselo umayenera kulifinya, kulitembenuza ndi kamtengo, kulitsukuluza, kulifinyanso. Zoterera zomwe mukunenazo ndimazidziwa kuposa mmene ndimadziwira nkhope za azibale anga ena. Ukathira madzi zimachuluka m'malo mochepa. Ukapaka m'manja zimatsatira mpaka m'zigongono.

Kenako kuthamangira ku sukulu. Fungo la matumbo silimva sopo wamba, ndiye anzanga anandipatsa dzina loti Nthumbwana, ndipo linakhazikika mpaka ena amaganiza kuti ndi dzina la makolo. Mphunzitsi wina, sindimutchula, mwina anapita kale, anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti ndizikhala kumbuyo pafupi ndi windo. Ndinakhaladi. Chomwe chimandipweteka nchoti mphunzitsi yemweyo masana amabwera pa benchi ya mayi kudzagula nthumbwana zokazinga, natsinirapo tsabola, nanyambita zala. Ndinakula ndikudana ndi zoterera zija, ndimaziona ngati uve wa mbuzi womwe unandimata ine.

Zinasintha ndili ku koleji, mu labu, tsiku lomwe sindimayembekeza kanthu. Anatipatsa kagalasi kokhala ndi kachidutswa ka thumbo la nkhosa kodulidwa mopyapyala kuposa pepala, kopakidwa utoto womwe amati PAS. Utoto umenewu unayamba kugwiritsidwa ntchito pa ntchofu cha mu 1946 ndipo khalidwe lake ndi loti ukakumana ndi shuga womangika m'mnofu umasanduka pinki wakuda ngati maluwa a bougainvillea. Nditayang'ana mu maikulosikopu ndinaona m'mbali monse mwa thumbo muli timaselo tooneka ngati chikho, tambirimbiri, chilichonse chodzaza pinki mpaka kusefukira. Aphunzitsi akuti timeneto ndi tomwe timatulutsa ntchofu, ndipo pinkiyo ndi shuga. Anzanga amangojambula m'makope. Ine ndinangokhala duu, diso pa maikulosikopu, ndikuganiza za beseni lija. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukolopa shuga ndi zala zozizidwa osadziwa.

Tsono apa timvane, chifukwa mawu oti shuga ndi amene akusokonezani. Ife tikamva shuga timaona paketi ya Illovo yochokera ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Uja ndi mtundu umodzi chabe, sucrose. Banja la shuga ndi lalikulu ngati la mfumu ya mitala ndipo ambiri mwa iwo satsekemera nkomwe. Udzu womwe mbuzi imadya, thabwa la chitseko, thonje, zonsezo ndi shuga wotchedwa glucose wolumikizana m'maunyolo ataliatali. Thelere limananda chifukwa cha maunyolo a shuga. Ntchofu ya m'matumbo nayo imapangidwa ndi chinthu chotchedwa mucin, ndipo ine ndikamaphunzitsa ana a Fomu 3 ndimawauza kuti atenge nthenga ya nkhuku. Kamtengo kapakati ndi puloteni. Tiubweya tambirimbiri totuluka m'mbali ndi timaunyolo ta shuga, mayina awo ndi galactose, fucose, N-acetylgalactosamine, N-acetylglucosamine ndi sialic acid. Mukayeza pa sikelo, shugayo amaposa theka la kulemera kwa mucin, nthawi zina kufika magawo 80 pa 100. Ndipo shuga amakonda madzi, amawakoka nkuwasunga, nchifukwa chake ntchofu yeniyeniyo pafupifupi magawo 95 pa 100 ndi madzi basi. Ndi chifukwa chakenso ukathira madzi zimaoneka ngati zikuchuluka. Zimafufumadi.

Sialic acid ameneyu ali ndi mbiri yoseketsa. Wasayansi wa ku Sweden dzina lake Gunnar Blix anamupatula mu 1936 kuchokera m'tiziwalo topanga malovu tomwe tili pansi pa chibwano cha ng'ombe, ndipo dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza malovu. Tiziwalo tomwe tija timangozazira pamodzi ndi mutu wa ng'ombe osaganizako. Munthu anatchuka nato dziko lonse, ine anandiika pa windo.

Za malovuzi ndisadumphe. Ng'ombe yaikulu imatulutsa malovu oposa malita 100 pa tsiku, zigubu zisanu za 20 litazi kapena kuposa, ndipo imameza onsewo. Mbuzi ndi nkhosa ndi malita angapo, ochuluka kwambiri poyerekeza ndi munthu amene amatulutsa lita imodzi kapena imodzi ndi theka. Malovu athu ali ndi mphamvu yophwanya sitachi, nchifukwa chake ukatafuna chinangwa nthawi yaitali chimayamba kutsekemera m'kamwa. A ng'ombe ndi mbuzi ntchito yawo ndi ina, muli soda wambiri, wofanana ndi uja timathira mu thelere, wochepetsa ukali wa asidi m'chifu, komanso muli mucin woterereretsa udzu kuti pomeza ndi pobzikula usakande kukhosi. Mucin yemweyo amathandizanso kuphwanya thovu m'chifu. Mukaona mbuzi yatupa mimba ngati ng'oma itadya masamba anthete a nyemba m'mawa mvula itagwa, mbali ina ya vutolo ndi yoti zanthetezo sizifuna kutafuna kwambiri, malovu amatuluka ochepa, thovu nkugwira mpweya osatuluka. Agogo anga a ku Mlangeni amamangirira kamtengo mopingasa m'kamwa mwa mbuzi yotero kuti izitafuna, dovu nkumatuluka. Ndinkaona ngati zamatsenga. Analibe mawu oti mucin koma amadziwa zomwe amachita.

Chifu cha mbuzi chili ndi zipinda zinayi ndipo pa benchi pathu tinali ndi mayina athu. Chachikulu chaubweya chija timati thaulo. Chamabokosimabokosi timati chisa cha njuchi. Chamasambamasamba timati buku, makasitomala ena oledzera amati baibulo. Chomaliza, chosalala, chofiirira, choterera kuposa zonse, ndicho chifu chenicheni. Zitatu zoyambazo zilibe tiziwalo totulutsa ntchofu ayi, khungu lake ndi lolimba ngati la kuphazi, kuterera komwe mumapezamo ndi malovu omezedwa aja ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya udzu. Tizilomboti ndi tomwe timaphwanya maunyolo a glucose a mu udzu, koma sitimusiyira mbuzi glucoseyo, timamudya tokha nkutulutsa mitundu ya asidi yomwe mbuzi imayamwa, kenako chiwindi chake nkupanga shuga watsopano kuchokera pamenepo. Nchifukwa chake shuga wa m'magazi a mbuzi amakhala wotsika kuposa wa munthu. Chipinda chachinayi ndiye muli moto, asidi wake ndi wa hydrochloric, pH yake, muyezo wa ukali wa asidi, cha m'ma 2 kapena 3, wotha kugaya nyama. Nanga chifucho si nyama? Chimalekeranji kudzigaya chokha? Ndi ntchofu yomweyo mayi, yomwe inu munailimbana nayo ndi sopo. Imayala bulangete pakati pa asidi ndi mnofu. Pongotuluka m'chifu, poyambira thumbo laling'ono, pali tiziwalo tina tomwe dokotala wa ku Switzerland Johann Conrad Brunner anatilongosola mu 1687, timatulutsa ntchofu ya soda yozimitsa asidi uja asanawotche thumbo.

Ndiye mbuzi yomwe thumbo lake ndi loterera ndi mbuzi yomwe thupi lake limagwira ntchito. Ndikanadabwa mukanandiuza kuti munapeza louma.

Apa ndiyankhulepo maganizo anga ndipo ena mukwiya. Kunyansidwa ndi zam'mimba komwe kwafala pakati pa anthu ophunzira ndi kwachibwana, ndipo ine ndinasiya kukupepesa. Si inu mayi, inu munangochita mantha, simunaphunzitsidwe. Ndikunena aja amafika kumudzi pa Khirisimasi nkumakwinya mphuno akaona beseni, ati ife timadya steak, chonsecho m'galimoto muli masoseji omwe chikopa chake, akakhala enieni aja, ndi thumbo la nkhosa kapena nkhumba. Kwathu kuno kwa Angoni mbuzi kapena ng'ombe ikaphedwa palibe chotayidwa, magazi amakhala uwende, mutu uli ndi eni ake, chiwindi chili ndi eni ake. Pitani pa Umhlangano ku Nkolimbo mukaone ngati pali akulu amene akuthawa nthumbwana. Ndipo kunja komwe timakutamandako zoterera zimenezi ndi bizinesi ya ndalama zambiri. Pali mankhwala otchedwa heparin omwe amabaya m'zipatala kuti magazi asaundane, amene ali pa dialysis, makina aja otsuka magazi a odwala impso, amawadziwa. Heparin ndi unyolo wa shuga. Anayamba kumupeza mu 1916 ku Johns Hopkins ku America m'chiwindi cha galu, dzina lakelo ndi la Chigiriki lotanthauza chiwindi, koma lero wambiri amachokera mu zopalidwa m'kati mwa matumbo a nkhumba, makamaka ku China. Zomwe ine ndimataya m'ngalande pa Lizulu, msuweni wake ali mu botolo ku chipatala, ndipo dziko limamugula ndi madola.

Chiwindi ndachitchula, ndingomalizitsa. Munamvapo kuti chiwindi chatsopano chimakhala ndi kakutsekemera kapatali? Ndi nkhokwe ya shuga ya thupi, amasungidwa mmenemo ngati glycogen. Mfalansa wina Claude Bernard ndi amene anamupatula mu 1857. Bambo amati chiwindi cha mbuzi yomwe yayendetsedwa mtunda wautali ndi njala kuchokera ku Mozambique sichikoma ngati cha mbuzi yapakhomo. Ndikaganiza pano, nkhokwe ija imakhala itapunguka.

Za nkhuku ndi chitopa

Popeza tayamba tiyeni tifike ndi ku khola la nkhuku. Mukang'amba nthutumba mumasenda kachikopa kachikasu kolimba kaja nkutaya. Kameneko si khungu ayi, ndi zotuluka m'tiziwalo ta m'nthutumbamo, puloteni yosakanikirana ndi shuga, zimatuluka zamadzimadzi nkuuma pamwamba, dzina lake koilin. Ntchito yake ndi kuteteza mnofu ku timiyala ndi mchenga zomwe nkhuku imameza kuti zipere chimanga, popeza mano ilibe. Chikasucho kapena kubiriwirako ndi ndulu yobwerera kuchokera m'thumbo. Kwathu nthutumba inali ya bambo, mwana ukaigwira ndi mlandu, ndipo mayi akaphika nkhuku nthutumba osaoneka m'mbale pamakhala mafunso. Ine ndinailawa koyamba ndili pa ntchito kale, ndinagula nkhuku yanga dala kuti ndidye ndekha, ndipo kunena zoona sindinaone chodabwitsa.

Koma chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi ichi. Timaunyolo ta shuga tija sitili mu ntchofu mokha, tamera pamwamba pa selo iliyonse ya m'thumbo ngati udzu pa bwalo. Ndipo matenda ambiri amalowa pogwira pamenepo, ngati mmene chisoso chimamatirira pa thalauza. Kachilombo ka chitopa, kaja kamasesa nkhuku mudzi wonse nthawi yotentha, kamagwira pa sialic acid yemwe uja wa Blix. Kachilombo ka chimfine cha mbalame nakonso kamagwira pa sialic acid m'matumbo a abakha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe sikalowa mwa munthu mosavuta nchoti kukhosi ndi m'mphuno mwathu shugayo walumikizidwa mwa njira ina pang'ono. Poizoni wa kolera, yomwe inatisautsa mu 2022 ndi 2023, amagwira pa shuga wa chinthu china cha m'thumbo la munthu chotchedwa GM1, akagwira ndi pomwe thumbo limayamba kutaya madzi. Kabakiteriya koyambitsa zilonda za m'mimba, Helicobacter pylori, komwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandirira mphoto ya Nobel mu 2005, kamaboola ntchofu ya m'chifu nkumatirira pa shuga wokhala ndi fucose. Ntchofu ija ndiye imakhala ngati nyambo, ili ndi shuga wofanana ndi wa pa selo, kachilombo kamagwira pamenepo kuganiza kuti kafika, kenako nkukokoloka ndi chimbudzi.

Alimi a nkhumba a ku Dedza, inu a ku Linthipe ndi Chimbiya, mwina munaonapo tiana ta nkhumba tikutsegula m'mimba sabata yoyamba, ta mayi uyu tikufa, ta mayi winayo m'khola lomwelo tili gwa. Zifukwa zingakhale zambiri, mkaka woyamba ndi ukhondo zili pomwepo, koma m'ma 1970 ofufuza ku Britain anapeza kuti pali nkhumba zina zobadwa zopanda malo m'thumbo ogwirapo kabakiteriya ka E. coli ka mtundu wotchedwa K88, ndipo zimenezi ndi zakumtundu, zimachokera kwa makolo. Kachilombo kafika, kasowa chogwira, kadutsa. Si ufiti wa aneba.

Mungafunse kuti asayansi amadziwa bwanji shuga uti ali pati poti onse ndi osaoneka. Amagwiritsa ntchito zinthu za m'munda mwathu momwemu. Mbewu zambiri zili ndi mapuloteni otchedwa lectin, aliyense amagwira shuga wake wake osaphonya. Woyamba kudziwika anachokera mu nsatsi, mu 1888, wophunzira wina Peter Hermann Stillmark ku Dorpat, komwe lero ndi Tartu ku Estonia, ndi poizoni uja amati ricin, ndiye ana asamaseweretse nsatsi m'kamwa. Lero mu labu amagula lectin wa mtedza, wa soya, wa tirigu, amamumata utoto, nkupaka pa kachidutswa ka chifu kapena ka tiziwalo ta malovu, pomwe pawala ndiye kuti shuga wakutiwakuti ali pamenepo. Ndi mmene anadziwira kuti shuga wa kumayambiriro a thumbo ndi wosiyana ndi wa kumapeto, wa kamwana koyamwa ndi wosiyana ndi wa mbuzi yaikulu, wa nkhuku ndi wosiyana ndi wa kalulu. Nyemba zofiira zosapsa zimapotokola m'mimba pa chifukwa chomwechi, lectin wake amakamatira pa shuga wa m'thumbo lanu. Zimafuna kuwira kwenikweni, kobwadamuka, osati kungofunda. Ife ophika pa mbaula maola atatu tilibe nazo vuto, koma ndinadyapo za ku boarding zina zomwe zimalira m'mano, usiku wake mzere wa ku toileti unafika pa hostel ya anzathu.

Nditabwera ku holide chaka chimene ndinaona pinki uja mu labu ndinayesa kuwafotokozera bambo zonsezi, tili pa benchi, ine ndikuwajambulira nthenga pa katoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkupukuta mpeni pa thalauza, nkunena kuti, "Ndiye fizi yonse ija ndikulipira kuti akakuuze kuti matumbo amaterera?" Kenako anandipatsa beseni.

Mayi, ndatalikitsa. Mbuzi ya apongozi anu, malinga ndi mmene mwafotokozera, inali yabwino. Ntchofu yoyera kapena yachikasu pang'ono ndi yachilengedwe. Chodetsa nkhawa ndi mukapeza magazi, mafinya, zilonda, thumbo lofiira kwambiri kapena lakuda, fungo lovunda losiyana ndi fungo wamba la m'mimba, kapena timibulu tolimba ngati nandolo m'mbali mwa thumbo, timeneto ndi ta nyongolotsi, gawo lotero dulani mutaye. Mukaona tinyongolotsi ngati ulusi wofiira ndi woyera m'chifu chomaliza chija, uzani apongozi kuti mbuzi zotsalazo zikufunika mankhwala a nyongolotsi. Ndipo mbuzi yofa yokha, makamaka ikutuluka magazi m'mphuno kapena kumbuyo, musaing'ambe nkomwe, itanani alangizi a ziweto.

Potsuka, finyani kaye, tembenuzani, pakani mchere ndi gaga, finyiranipo ndimu chifukwa asidi amaundanitsa mucin nkuchoka ngati ulimbo, tsukuluzani kangapo ndi madzi aukhondo, thaulo lija muviike m'madzi otentha mupale ndi mpeni. Muphike zipse ndithu. Bambo akunyumba shuga wa mu ntchofu asawaopse, ndi wochepa zedi ndipo si wa mtundu wokweza shuga m'magazi ngati wa mu tiyi, ngakhale chiwindi cha ng'ombe chili ndi magalamu a shuga pafupifupi 4 okha pa magalamu 100. Choti muyang'anitsitse ndi kukula kwa mitanda ya nsima yomwe ikuperekeza nthumbwanazo, mafuta omata m'matumbo ndi mchere, ndipo tsiku la kiliniki akafunse adokotala awo za kadyedwe konse.

Alamu anuwo ulendo wina mbuzi ikaphedwa muwapemphe mwaulemu kuti akuonetseni katsukidwe kake, muwasiyire beseni, inu muime pambali mutapinda manja. Mudzandilembere mmene zinathera.